Kodi Chamba Chitsegula Mutu?

Alipo mau amene alikumveka pakati pa anyamata a sukulu, makamaka nyengo ya mayeso ikayandikira. Mauwo alikuti: “Chamba chitsegula mutu. Ukasuta pang'ono madzulo, mantha achoka, maganizo aleka kuyendayenda, ndipo zolembedwa m'buku zilowa zokha.” Mau awa sanenedwa pamaso pa akulu. Anenedwa monong'ona kuseri kwa nyumba zogona ophunzira, kapena panjira yopita kudambo. Koma afika kutali ndithu. Ndipo amene awakhulupirira sali opulukira okha iai. Ambiri a iwo ndiwo amene afunitsitsa kupambana, amene aopa kubwera kumudzi chimanjamanja atatha Folomu 4. Chifukwa chake sitifuna kuwayankha mwaukali kapena monyoza. Tifuna kuyesa mauwo modekha, monga munthu ayesa nsalu m'sitolo asanatulutse ndalama zake.

Poyamba tivomereze kuti mnyamata wonena zimenezi sanama pa zimene amva m'thupi mwake. Akasuta amvadi kuti mtima wakhala pansi. Aona ngati nthawi ilikuyenda pang'onopang'ono, ndipo mau amodzi a m'buku, amene masana anali wamba, amuonekera ngati chinsinsi chozama chimene iye yekha wachitulukira. Zonsezi azimvadi, ndipo tikamuuza kuti samva kanthu adzatiyesa mbuli, nadzaleka kutimvera. Koma funso lathu lili lina, ndilo ili: kodi kumva ngati ulikudziwa ndiko kudziwa? Pamenepa pagona mlandu wonse.

Mlimi aliyense adziwa kuti dzinthu siziyesedwa ndi kukondwa kwa mtima tsiku lokolola. Ziyesedwa m'nkhokwe, mwezi wa January, pamene mai alowetsa dzanja napeza chimanga, kapena napeza fumbi la anankafumbwe. Momwemonso maphunziro. Chimene munthu waphunzira ndicho chimene achipeza m'mutu mwake mawa, ndi mkuja, ndi tsiku la mayeso, buku lili kutali. Zimene anamva usiku powerenga, kaya zinali zokoma chotani, palibe mphunzitsi adzazichonga.

Ndipo mtima wa munthu, ngakhale wosasuta, unyenga mwini wake pa nkhani imeneyi. M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a pa Washington University ku St. Louis, m'dziko la America, maina ao Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani yoti aiphunzire. Ena anauzidwa kuiwerenga nyengo zinai, kubwereza ndi kubwereza. Ena anaiwerenga nyengo imodzi yokha, natseka pepala, nayesa katatu kulemba zimene akumbukira. Powafunsa, aja obwereza ndiwo anadzitama kuti adzakumbukira bwino, pakuti mau anali atazolowereka m'maso mwao. Koma itapita sabata imodzi, iwo anakumbukira magawo 40 pa 100, pamene anzao ovutika ndi kukumbukira aja anasunga magawo 61. Taonani, abale: njira imene inakoma ndiyo inasiya zochepa, ndi njira imene inawawa ndiyo inasiya zambiri. Ngati mtima unama chotero uli wokha, nanga udzanama kotani ukapatsidwa utsi woukondweretsa?

Tsono tione chimene utsiwo uchita. M'chaka cha 1964 Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, akatswiri a ku Israel, anapatula m'chamba mankhwala amene aledzeretsa, ndiwo otchedwa THC. Pambuyo pake kunadziwika kuti mu ubongo wa munthu muli timalo tating'ono timene mankhwalawa akamatirapo, ndipo mu 1992 Mechoulam ndi anzake anapeza kuti thupi lipanga lokha mankhwala ake ofanana nao, amene anawatcha anandamide. Koma kusiyana kwake ndi uku: thupi lipanga ake pang'ono, pa malo pamene afunika, pa nthawi imene afunika, ndi kuwachotsanso msanga. THC alowa paliponse nthawi imodzi, nakhala maora angapo. Kuli ngati kusiyana kwa munthu wothirira dimba ndi ndowa, phando ndi phando, ndi mtsinje umene wasefukira numiza dimba lonse.

Timalo timeneti tichuluka kwambiri m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, ndipo ntchito ya chigawo chimenechi inadziwika mwa njira yachisoni. Mu 1953, ku Hartford m'dziko la America, mnyamata wa zaka 27, dzina lake Henry Molaison, anachitidwa opaleshoni chifukwa cha khunyu, ndipo dokotala anachotsa gawo lalikulu la chigawochi mbali zonse ziwiri. Khunyu linachepa. Munthuyo analankhula bwino, nakumbukira za ubwana wake, nacheza ndi alendo mwaulemu. Koma mlendo akatuluka ndi kubweranso patapita kanthawi, iye anamlonjera monga munthu amene sanamuonepo. Anakhala chotero kufikira imfa yake mu 2008. Pamenepo madokotala anazindikira kuti kumva chinthu tsopano ndi ntchito ina, ndi kuchisunga kufikira mawa ndi ntchito inanso.

Tinene mwa fanizo. Buku ndilo munda, chikumbumtima cha masiku ambiri ndicho nkhokwe, ndi chigawo chija ndicho dengu lotutira. Chamba sichichotsa dengulo monga unachitira mpeni wa dokotala. Koma pa maora amene chili m'mutu, chiliboola. Mnyamata athyola chimanga mokondwa, naona ngala iliyonse ngati yaikulu koposa zonse, nasenza dengu, nafika pankhokwe lili lopepuka. Ichi chayesedwa kawirikawiri: anthu opatsidwa THC akawerengeredwa mndandanda wa mau, akumbukira ochepa koposa tsiku limene sanapatsidwe. Ndipo zija mnyamata azitcha kuika mtima pa chinthu chimodzi, tizione bwino. Kuika mtima kwenikweni ndiko kumene munthu akulamulira mwini, monga woyendetsa ngolo aongolera ng'ombe kumene afuna. Koma pa chamba ng'ombe ndiyo isankha. Iima pamene yapeza msipu wokoma, ndipo mwini ngolo akhala pomwepo nthawi yaitali, nayesa kuti alikuyenda ulendo.

Kapena wina adzati, Zimenezo ndi za m'nyumba zoyesera mankhwala; nanga m'sukulu zenizeni zitero kodi? Ilipo nkhani imene iyankha bwino. Ku Netherlands, dziko la ku Ulaya, kuli mzinda wa Maastricht, umene uli pafupi ndi malire a Belgium ndi Germany, ndipo kumeneko masitolo ena analoledwa kugulitsa chamba poyera. Pakuti alendo odzagula anachuluka, pa 1 October 2011 panaikidwa lamulo lakuti ogula akhale nzika za Netherlands, Germany ndi Belgium zokha. A maiko ena onse akanizidwe pakhomo. Lamulolo linakhala miyezi isanu ndi iwiri. Tsono pa yunivesite ya mzindawo panali ophunzira a mitundu yambiri, okhala m'kalasi limodzi, ndi mphunzitsi mmodzi, ndi mayeso amodzi. Koma ena analoledwa kugula, ena ai.

Akatswiri awiri, Olivier Marie ndi Ulf Zölitz, anasanthula malikisi a ophunzira oposa 4,000, nafalitsa zimene anapeza mu 2017. Aja okanizidwa anayamba kukhoza bwino koposa kale, ndipo mwai wao wopambana mayeso unakwera ndi magawo ngati 5 pa 100. Phindu linakula pa ophunzira aang'ono, pa atsikana, ndi pa iwo amene kale anali ofooka m'kalasi. Linakulanso koposa pa maphunziro ofuna masamu. Ndipo chimene tifuna kuti anyamata athu achisunge ndi ichi: maora owerenga sanasinthe. Okanizidwa aja sanawonjezere nthawi yokhala pabuku, koma zimene anawerenga anazimvetsa bwino. Nthawi yomweyo, buku lomwelo, mutu womwewo. Chinachoka ndi utsi wokha, ndipo nzeru zinawonjezeka. Chikadakhala chotsegula mutu, bwenzi okanizidwawo atagwa.

Palinso nkhani ya msinkhu. Ubongo wa munthu sukhwima pamodzi ndi ndevu. Upitirira kumangika kufikira zaka ngati 25, ndipo mbali imene itsiriza ndiyo ya kutsogolo, yolingalira ndi kudziletsa. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, madokotala anatsata ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kufikira atakula. Mu 2012 ananena kuti amene anayamba chamba ali achinyamata, nakhala akapolo ake zaka zambiri, anatsika pa muyeso wa nzeru wotchedwa IQ ndi mapointsi ofika 8 pamene anali ndi zaka 38. Tinene zoona zonse: akatswiri ena, atayesa mapasa ku America mu 2016, anapeza kuti wosuta sanatsike koposa mbale wake wosasuta, nati mwina gawo la kutsikako lichokera ku mavuto a pakhomo. Mtsutso wao uli pa kukula kwa chionongeko. Koma pa mbali zonse ziwiri palibe amene anapeza kuti chamba chikweza nzeru.

Ndipo chilipo choopsa china chimene midzi yathu ichidziwa popanda kuuzidwa. Ku Sweden anafunsa anyamata 45,570 olowa usilikali mu 1969 ndi 1970, nawatsata zaka 15. Amene anali atasuta koposa maulendo 50 anagwidwa ndi nthenda ya misala yotchedwa schizophrenia kasanu ndi kamodzi kuposa osasuta. Sitinena kuti aliyense wosuta adzapenga, ambiri sapenga. Koma palibe mnyamata adziwa pasadakhale ngati mutu wake uli mwa iwo amene adzapirira kapena mwa iwo amene adzasweka, ndipo amene kubanja kwao kuli kale nthenda yotere ali pangozi yoposa. Ndani wa ife anaonapo munthu woyenda pamsika atavala masanza, anthu nanena, Ameneyu anali woyamba m'kalasi mwathu, ndipo mtima wake sunawawe?

Tsopano timve zotsutsa, pakuti zilipo. Choyamba ati, “Uje asuta, ndipo anakhoza bwino.” Inde, alipo otere. Aliponso anthu amene anaoloka mtsinje wa ng'ona nafika tsidya. Koma sitidziwa kumene uje akadafika akadapanda kusuta, ndipo anzake amene anayamba naye pamodzi nagwa panjira satchulidwa, pakuti wolephera sayenda nalalikira. Munthu wamphamvu atha kupambana liwiro atasenza mtolo. Koma wopusa yekha adzati mtolowo ndiwo wamthamangitsa.

Chachiwiri ati, “Nanga boma silinalole chamba? Nanga si mankhwala kodi?” Zoona, mu 2020 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza kuti anthu a chilolezo alime mbewuyi chifukwa cha mankhwala ndi ntchito za m'mafakitale, koma lamulolo silinalole kusuta. Zoonanso kuti m'mbewuyi mutuluka mankhwala othandiza ana ena a khunyu loopsa, ndi ena ochepetsa kusanza kwa odwala khansa. Sitiyesa mbewuyo yotembereredwa. Koma mankhwala ndiwo amene ayesedwa muyeso wake, napatsidwa kwa wodwala, pa nthenda yodziwika, ndi munthu woiphunzira ntchitoyo. Kuvutika powerenga sindiyo nthenda. Ndipo mnyamata wogula kampukutu kuseri kwa msika sadziwa mphamvu ya chimene wagula, pakuti chamba cha dziko lathu chitchuka kutali chifukwa cha ukali wake.

Chachitatu ndicho cholemera koposa. Ati, “Mutu ndi wanga, ndikauononga ndaononga wanga.” Apa tafika pa funso la chilungamo. Kodi mutu wa mwana wa sukulu uli wake yekha? Tikumbukire mbuzi imene inagulitsidwa kuti agule yunifolomu ndi mabuku, ndi mtedza umene mai anaunyamula kumka nao kumsika, ndi mlongo wake amene anatsala pakhomo kulima kuti iye apite. Onsewo anaika chuma chao m'mutu umenewo, monga anthu aikiza mbewu m'nkhokwe ya mbale wao. Wosunga choikizidwa alibe ufulu wochiyesera pamoto. Ndiponso alipo ena amene sanamuonebe, koma adzamdalira: wodwala amene adzalandira jakisoni m'dzanja lake, ana amene adzakhala pansi kumva masamu kwa iye, anthu amene adzaoloka pa mlatho umene iye adzauyesa. Amenewo sadzafunsa kuti anamva bwanji powerenga. Adzafuna kuti adziwedi.

Koma ngakhale tikadapeza mankhwala otsegula mutu popanda choipa chilichonse m'thupi, funso lina likadatsala. Sukulu siphunzitsa za m'buku zokha. Mwana akakhala pansi, mtima nufuna kuthawa, iye naubweza, nuthawanso, naubwezanso, pamenepo alikuphunzira chinthu choposa mitsinje ndi mapiri a m'buku lake: alikuphunzira kudzilamulira. Kuwawa kuja kumene afuna kukuthawa ndiko phunziro lenileni, monga matuza a m'manja ndiwo apanga mlimi. Masiku adzafika pamene adzayenera kuika mtima pa ntchito yosakoma, kudikira wodwala usiku wonse, kumva mlandu wautali pabwalo osakondera. Ndipo mphamvu imeneyo sigulidwa. Amene anaibwereka ku utsi adzapeza kuti mwini wake wadza kudzailanda.

Pakuti ngongole imeneyi ili ndi chiwongola dzanja. Mwa anthu 10 oyamba kusuta, ngati mmodzi agwidwa osatha kuleka. Ndipo mwa oyamba ali achinyamata, ngati mmodzi mwa 6. Wozolowera akaleka, tulo timthawa, mtima ukwiya msanga, chakudya sichikoma, ndipo maganizo abalalika kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Pamenepo mnyamata ati, “Mwaona? Popanda chamba sinditha kuwerenga.” Sadziwa kuti chimene achiyesa mankhwala ndicho chinabweretsa nthendayo. Adalowa kufuna wantchito, napeza mbuye. Akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mau kwa ife akulu, pakuti mlanduwu suli wa anyamata okha. Mwana sathamangira chamba popanda chomthamangitsa. Wina awerenga ndi njala. Wina abwera kusukulu nalandira khasu kufikira dzuwa litalowa, napeza nyali ilibe moto. Wina tinamuuza ndi pakamwa pathu, “Ukalephera usadzaponde pakhomo pano,” ndipo mau amenewo amgonera pachifuwa usiku uliwonse. Mantha otere ndiwo abalalitsa maganizo, ndipo wogulitsa chamba alonjeza kuwachotsa ndi ndalama zochepa. Ngati tifuna kuti ana athu amkane, tiyambe ife kuchepetsa katundu amene tawasenzetsa. Tiwapatse nthawi, ndi kuunika, ndi kaphala m'mawa ngati kalipo, ndi mau akuti, Chita monga ukhoza. Ukagwa udzali mwana wathu. Ndipo tikapeza kuti mwana wayamba kale, tisayambe ndi ndodo kapena kumchititsa manyazi pagulu, pakuti wochititsidwa manyazi abisala, ndipo m'kubisalamo chizolowezi chikula. Tikhale naye pansi. Chikakanika, timperekeze kuchipatala. Ku Zomba kuli chipatala cha nthenda za maganizo, ndi ku Mzuzu kuli cha St John of God, ndipo kupita msanga kuposa kudikira kufikira atamangidwa zingwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe; tikaona wa mnansi, tisangoseka.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana, simunafunse choipa pofuna njira yoti mutu ugwire. Njirayo ilipo, ndipo siilipiridwa. Werengani tsamba limodzi, tsekani buku, nenani kapena lembani zimene mukumbukira, ndipo mutsegulenso kuona pamene mwaphonya. Kudzawawa, ndipo mudzadziona ngati mbuli. Kuwawa kumeneko ndiko chizindikiro chakuti zilikulowa. Musaunjike zonse usiku umodzi. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti zophunzira pang'ono pang'ono masiku angapo zikhalitsa koposa zomeza tsiku limodzi. Gonani tulo tokwanira, pakuti m'tulo ndimo ubongo ututira m'nkhokwe zimene unathyola masana. Khalani awiri kapena atatu, mufunsane mafunso. Ndipo chimene mwachimvetsa mukachifotokozere mng'ono wanu, pakuti pofotokoza mudzadziwa ngati mwachidziwadi.

Ndipo ngati wina akayikabe, asakhulupirire ife, kapena mnzake wonong'ona uja. Afunse nkhokwe. Atenge pepala loyera m'mawa, buku lili lotseka, nalembe zimene anawerenga dzulo. Pepalalo silikondera munthu, ndipo silidziwa kunyengerera. Amene wasuta kale ayese chomwecho lero, naleke mwezi wathunthu, napirire masabata awiri oyamba, nayesenso. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Tsamba limodzi lero, ndi lina mawa, ndi mutu woyera, zidzamfikitsa kumene utsi unamlonjeza koma sunathe kumfikitsa.